Theka la khonde la alamu anga

Anthu ena manyazi alibe. Lero akuti alamu anga anabadwa ndi mphatso yolankhula. Bodza lenileni! Si omwewa anawaseka mpaka kugwira nthiti?

Alamu angawa anakwatira mlongo wanga, ndipo asoka nsapato pakhonde la sitolo ya zitsulo zaka khumi ndi ziwiri. Ntchito yawo ndi yowerama, timisomali ataluma pamilomo. Ndiye polankhula amangong'ung'udza, maso ali pamapazi a munthu. Makasitomala awo amawadziwira zidendene.

Mwini nyumba watsopano atafuna kuwachotsa pakhondepo, komiti ya amalonda inawaitana kuti akadzinenere okha. Anaimirira, chipewa chili m'manja, maso pansapato za wapampando.

"Bambo, mukulankhula nafe kapena mukutiyeza mapazi?" anatero mlembi. Chipinda chonse chinafa ndi phwete. Alamu anakhala pansi, ngakhale moni osamaliza. Akomiti anawauza kuti abwerenso pakatha sabata ziwiri.

Ine ndimaitanira mabasi, kukuwa ndiye khasu langa. Ndinati, "Alamu, lavulani misomaliyo." Masana aliwonse ndinkaima kutsidya kwa msewu, iwo pakhonde, magalimoto akudutsa pakati pathu, kuti aphunzire kukweza mawu.

"Sindikumva! Mukunong'oneza nyerere kodi?"

"Anthu akundiyang'ana, alamu."

"Akuyang'aneni! Mwaba chiyani?"

Tsiku loyamba linali thukuta lokhalokha. Tsiku lachinayi anapsa mtima n'kundikalipira kuti ndine wopanda mwambo, ndipo ndinamva mawu onse lole ikudutsa. Ndinavina pamsewu pomwepo. Kunyumba nako mlongo wanga ankawagwira chibwano kuti asazolike.

Tsiku litakwana anaimiriranso pamaso pa komiti ija. Koma ulendo uno mutu anadzutsa.

"Khonde lija ndimasesa ndine m'mawa uliwonse. Ngalande ikatsekeka ndimatsekula ndine, ndi manja awa. Sindinasokonezepo malonda a munthu. Mukandichotsa, ana anga anayi ndikawauze chiyani? Ndiyankheni ndili pompano."

Mwini nyumba anayamba kukanda m'khosi, akuti akaiganizire kaye. Wapampando anati ayi, ithe lero. Anawasiyira theka la khonde, mbali yowomba dzuwa.

Theka! Munthu wa zaka zonsezo! Ine ndinatsala pang'ono kugubuduza tebulo, koma alamu anandikoka malaya.

"Khalani pansi, alamu. Ambulera ndigula."