Utsi unatibisira kwawo kwa malume

Loweruka lapitali ndinawanamiza malume anga pamwamba pa phiri, ndipo mpaka lero chakudya sichikundikomera.

Malume a Yotamu ndi mlongo wawo wa malemu mayi anga. Anabadwira kutsidya, m'mapiri a kumpoto kwa Nkhata Bay, n'kubwera kuno ku Mbamba Bay ali mnyamata kudzasodza. Ukonde anausiya kalekale. Diso lawo lamanzere linafa chaka chatha. Lamanja likuonabe, koma eni ake amati kuona kwake kuli ngati kusuzumira pabowo la chitseko, ndipo bowolo likungocheperachepera. Adokotala anawauza mosabisa kuti mankhwala odontheza aja amangochedwetsa, sabweza chomwe chapita.

Ndiye pakati pa sabata anandiitanitsa.

"Mphwanga, unditengere kuphiri ndikaone kwathu diso lisanatseke."

Zowoloka nyanja alibe nazo ntchito. Mapepala awo oyendera anatha mphamvu, ndipo onse amene akanawalandira kumeneko ali kumanda. Iwo amangofuna kuona basi. Kunjira yokwera kumtunda kuli phiri lomwe ankadutsapo kale atasenza usipa wouma kukasinthitsa ndi chimanga ndi nyemba kwa Amatengo, anthu a kumtundako. Pamwamba pake pali thanthwe. Amati ukaima pamenepo kunja kukayera, umaona mapiri a ku Malawi, mpaka kampata kena pakati pa mapiri awiri komwe kuli mudzi wawo.

Masiku ano sipafunikanso kuyenda wapansi kuchokera kunyanja. Umakwera daladala, kaminibasi kathu kaja, n'kukatsikira patsinde pa phirilo. Zosavuta, eti?

Tinalawirira ku stendi, pokwerera galimoto paja. Malume anavala jekete lawo la kutchalitchi, ndodo ili m'manja. Konda, kondakitala wa daladalayo, anatilandira ngati abale ake, n'kutilumbirira kuti galimoto ikunyamuka "sasa hivi", kutanthauza pompano. Inu nonse mukuidziwa sasa hivi ya ku stendi. Injini ikulira, dalaivala akusuntha pang'ono n'kubwereranso, anthu theka amene akhala m'mipando si apaulendo koma anzake a konda ongodzaza maso. Dzuwa linatuluka tili pomwepo. Linakwera tili pomwepo. Malume sanadandaule, ankangopukuta diso ndi kampango.

Titanyamuka, konda anafunsa komwe titsikire. Nditamuuza, anacheuka n'kuwayang'ana malume kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mzee, pamenepo palibe nyumba. Kuphiri mukukatani?"

"Kukaona," anatero malume.

"Kukaona ndani?"

Galimoto yonse inafa nacho chiseko. Mayi wina amene anafungatira beseni la nsomba anati mwina tikukapemphera. Bambo wa kumbuyo anati akamapita awiri chonchi ndiye kuti ndi zamankhwala, kapena amva mphekesera za golide. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anakhulupirira kuti munthu wamkulu angavale jekete, n'kukwera phiri kuti akangoyang'ana.

Ndipo sindikuwadzudzula kwambiri, chifukwa tonse tinakula choncho. Kwa ife kuphiri kumapita wankhuni, wamakala, wosaka ndi wosala kudya. Mzungu akatsika daladala ndi chikwama kumsana n'kulowera m'tchire timati ndi mmene aliri, ali ndi nthawi yotaya. Wakwathu akachita zomwezo timayamba kumufunsira kwa abale ake ngati mutu ukuyenda bwino. Mapiriwa tawakhalira pansi pake moyo wathu wonse, kuyambira kuno mpaka ku Kihagara ndi ku Ngumbo, koma ndi angati a ife anakwerapo kuti akaone mmene kwathu kumaonekera? Chinthu chomwe suchiyang'ana suchisamala. Zimenezi ndinaziona ndi maso anga titangotsika.

Njira ilipo, ndipo wina anayesetsa. Pamwala woyamba pali muvi wa penti wolozera alendo kokwerera. Koma muviwo wada ndi mwaye. Phiri lonse lapsa. Udzu kulibe, pansi pali phulusa lokhalokha, ndipo ukaponda limafuka mpaka m'mawondo. Apa dzenje lokumba mbewa, apo chitsa, patsogolo uvuni wa makala wophwasulidwa. Malume ankati panjira pali mitengo ya masuku pomwe ankatula katundu n'kupuma. Anafunafuna ndi ndodo mpaka anagogoda chitsa china, n'kungoti, "Panali pano." Sitinapume, chifukwa mthunzi panalibe.

Anakwera, malume aja. Pang'onopang'ono, dzanja lina paphewa langa, akupumira m'mwamba. Ndinawauza kangapo kuti tibwerere, iwo n'kumangokwera. Jekete la kutchalitchi linasanduka lotuwa.

Tinafika pathanthwe dzuwa lili paliwombo. Ndinawaimika bwinobwino, n'kuwatembenuzira kumadzulo.

Kunalibe kanthu. Mapiri a ku Malawi kunalibe, malire a madzi ndi thambo kunalibe. Ngakhale nyanja yathu yomwe inali pansi pathuyi imangooneka mbali ya kufupi, kwinako kuli mbuu. Utsi wa mapiri onse amene akupsa mwezi uno, athu ndi a kutsidya omwe, unangoyalana pamadzi.

Malume anaphimba diso lakufa lija ndi chikhatho, ngati kuti likusokoneza linzake. Anayendetsa mutu pang'onopang'ono kuchokera kumanzere mpaka kumanja, n'kubwereranso. Kenaka anafunsa motsitsa mawu.

"Iwe ukuwaona?"

Abale anga, mukanakhala inu mukanati chiyani? Munthu wadikira ku stendi m'mawa wonse, wasekedwa m'galimoto, wakwera phiri ndi mawondo a ukalamba. Ndinachita manyazi kuwauza kuti tavutikira pachabe. Pakamwa panathamanga mutu usanaganize.

"Akuoneka, malume. Awo, pang'onopang'ono. Ndi kampata kaja ndikukaona."

Ndinkayesa asangalala. Ndinkayesa anena kuti ndiwalozere, kenaka ayerekeze nawo kuti aona, titsike tonse mitima ili m'malo. Iwo anachotsa chikhatho kumaso, n'kukhala pansi pathanthwe lotenthalo.

"Ndiye kuti latha," anatero. "Ine ndikungoona zoyera."

Apo m'pamene ndinazindikira chomwe ankafunsa. Sankafunsa za mapiri ayi. Ankafuna kudziwa ngati vuto ndi kunja kapena ndi diso lawo, ndipo ine ndinali nditawayankha kuti ndi diso.

Ndinagwada pambali pawo. "Malume, pepani, ndanama. Kulibe chikuoneka, ndi utsi wokhawokha. Inenso sindikuona kanthu, ndithu."

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe.

"Unene chimodzi, mphwanga. Poyamba paja unanama, kapena ukunama panopa kuti undilimbitse mtima?"

Ndinalumbira. Ndinawauza kuti anunkhize, fungo la moto lili ponseponse. Anati fungolo akulimva, koma fungo silinena kuti utsi wafika pati. Pamenepo panalibe munthu wachitatu woti atiweruze. Akuluakulu anati chifundo chinapha nkhwali, koma changa chinavulaza amene ndinkawachitira chifundoyo.

Bodzalo ndi langa, sindikulikana. Koma ndakhala ndikudzifunsa sabata yonseyi kuti chinandiika pamalo oti ndiname ndi chiyani. Ndi machesi a munthu wina amene ankafuna mbewa zokwana ndiwo za tsiku limodzi. Ndi wina amene anachita ulesi kulambula m'mphepete mwa munda asanatenthe zinyalala. Ndi wina amene anangoyatsa poti chaka chilichonse timayatsa. Mukamufunsa aliyense wa iwo adzakuuzani kuti sanalakwire munthu, phiri si la wina, udzu udzameranso mvula ikagwa. Zoonadi udzu udzamera. Masuku aja sadzameranso, ndipo mvula ikabwera dothi lonselo lidzatsikira kwa ife kunyanja, m'minda ya chinangwa ndi momwe nsomba zimaswera.

Chomwe chimandipweteka n'chakuti sitikuonanso kuti ndi vuto. Mwezi uno ukafika ana amatsokomola, zovala zapachingwe zimada, maso amayabwa, ife n'kumati ndi nyengo yake. Nyengo yake? Kodi utsi umagwa ngati mvula? Timanyadira kuti msewu wafika, kuti alendo atha kukwera daladala n'kukatsikira pamuvi wa penti uja. Adzakwera kuti akaone chiyani? Ndipo alendowo asiyeni, iwo ali ndi mapiri ena oti apiteko. Ine ndikunena za ife, amene tilibe kwina. Moto umapita kumene kwatsala tchire, ndipo tchire latsala pang'ono.

Tinatsika phirilo. Kumsewu tinadikira nthawi yaitali, ndipo tsoka lake inatipeza daladala yomwe ija ikubwerera. Konda anatizindikira.

"Aa, mzee wa kuphiri! Mwaona?"

Malume anangomudutsa n'kulowa. Anakhala pafupi ndi mayi wina wosamudziwa, n'kumufunsa mwaulemu m'Chiswahili ngati lero mapiri a kutsidya akuoneka. Ine mphwawo ndili pomwepo, anasankha kufunsa mlendo. Mayiyo anangoti iye sanayang'ane, ndipo ndani amayang'ana zimenezo.

Dzulo ndinapita kukawaona. Ndinawauza kuti mvula yoyamba ikagwa kunja kumayera, tidzapitanso, ndipo ulendo uno tidzakwera galimoto yoyamba ngakhale tigone ku stendi. Anavomera ndi mutu. Kenaka anandipempha kuti ndiwapatsire kapu yawo ya tiyi, yomwe inali patebulo patsogolo pawo penipeni.

Inu amene mwasunga machesi m'thumba kudikira kuti mphepo iyambe madzulo ano, mvula idakali kutali. Mukuganiza kuti diso la malume anga liidikira?