Anunkhadala a Achimwene

Dzulo mdzukulu wanga Tamanda ananditengera kutchire losungirako zachilengedwe kuseri kwa tauni ya Oakville kuno kutsidya kwa nyanja, udzu utafiira, masamba akuyoyoka. Chiwala chinanditera pa thalauza.

"Agogo, osagwira! Kuno amaletsa."

Amaletsa? Bwenzi atamuletsa mkulu wanga Yotamu, amene tili ana kumudzi ankandilanda ziwala zanga ndikangomaliza kuwotcha. Tsiku lina ndinatola anunkhadala, ziwala zonunkha zija zomwe ngakhale nkhuku imazilambalala. Ndinazithothola mapiko, n'kuziwotcha bwinobwino, kamchere pamwamba.

"Bweretsa kuno, iwe!" anatero Yotamu.

Ndinalira mwachinyengo. Anatafuna zitatu, n'kuyamba kusanza kuseri kwa nkhokwe. Ine ndinakhala poteropo kudikira kuti afe, legeni yake ikhale yanga.

Sanafe. Koma mpaka lero ndikamuimbira foni kumudzi, ndimayamba ndi funso limodzi: "Achimwene, ndikuwotchereni ziwala?"