Sitima Yopanda Mimba

Ndinanyamuka ku Bowe Loweruka m'mawa nditanyamula sitima ya nkhondo m'katoni ya sopo. Inali yamalata, kutalika kwake ngati mkono wanga, ndipo anaikhoma ndi a Fulaye, mmisiri wathu wa zidebe ndi mbaula. Ndinkapita nayo ku Malomo kwa amalume anga, a Kachingwe, amene maso awo anayamba kuchita khungu chaka chatha.

Nkhani ya sitimayi tinakula nayo. Agogo awo a amalume anali mmodzi wa amtengatenga amene anasenza sitima ya nkhondo ya Angerezi m'nthawi ya atsamunda. Inapangidwa ku Ulaya n'kubwera m'zidutswazidutswa. Pa mathithi a Shire, pomwe maboti sadutsa, anthu anasenza zitsulozo pamutu, amisiri n'kukazilumikiza ku Mangochi. Agogowo anatula chitsulo chawo n'kubwerera kuno kumapiri osaiona sitimayo itatha. Amalume nawo sanaionepo, ndipo ankangoti, "Maso asanatseketu, ndiione imene agogo anasenza." Ine, poti ndine mphunzitsi, ndinapeza chithunzi chake m'buku lakale. A Fulaye anakopera ndendende.

Wakabaza wanjinga yamoto anafuna kumanga katoniyo ndi malegeni ngati thumba la feteleza. Ndinakanitsitsa. Ndinaifukata pamiyendo mpaka pa Madisi, fumbi lili kobo m'maso.

Mu minibasi ya ku Mponela kondakitala anandiuza kuti katundu alipire payekha. Ndinatsegula katoni kuti aone kuti si fodya.

"Mayi, mbaula yanji iyi yokhala ndi chumuni?" anafunsa.

"Si mbaula iyo, n'chodyeramo nkhuku," anayankha mayi wina wobereka mwana.

Mphunzitsi sachedwa kupsa mtima ndi yankho lolakwa. Ndinayamba kalasi pomwepo. Ndinawaonetsa chumuni n'kuwauza kuti sitimayo inkayenda ndi nthunzi, ndipo inkadya nkhuni kuposa balani ya fodya. Ndinawaonetsa mzinga wakutsogolo. Ndinawauzanso kuti nkhondo yoyamba yapadziko lonse itabuka, sitimayi inawoloka nyanja yathuyi n'kukaombera ya Majeremani ili pamtunda kukonzedwa. Woyendetsa ya Majeremaniyo anali asanamve kuti kunja kuli nkhondo, moti anabwera pakabwato kudzafunsa mnzake woyendetsa ya Angereziyo ngati waledzera.

"Ndiye kuti chipolopolo chinafika uthenga usanafike?" anatero bambo wina wachikulire wovala jekete yakutchalitchi.

Minibasi yonse inafa ndi phwete. Kondakitala anangolandira masauzande atatu anga n'kunena kuti asilikali salipira katundu.

Pa Mponela ndinadya tchipisi cha pachiwaya ndikudikira kuti galimoto ya ku Ntchisi idzaze. Tinapanikizana anayi pampando wa atatu, koma sindinadandaule. Njira yake imandisangalatsa: mapiri kumanja, mapiri kumanzere, minda yokolola kale, zigafa za fodya zili mbuu. Ndinkaseka ndekha poganiza kuti m'dera lonseli, lopanda ngakhale bwato, sitima ya nkhondo inalimo imodzi yokha, ndipo inali pamiyendo panga.

Pa Boma ndinafika dzuwa lili paliwombo. Ndinagula nthochi ndi shuga wa amalume, n'kukweranso njinga yamoto. Msewu wa ku Malomo ndiye sunachite nane chibale. Pabampu ina katoni inandigunda pachibwano, ndipo nditasuzumira ndinapeza mzinga utapindika, ukuloza pokhala woyendetsa sitimayo. Ndinauwongola ndi zala, mtima uli m'mwamba.

Amalume ndinawapeza pakhonde akusenda mtedza. Titalonjerana ndinagwada n'kuika sitimayo m'manja mwawo. Anaiyandikiza kumaso, kenako anasiya maso n'kuyamba kuiona ndi zala. Anapapasa chumuni. Anapapasa mzinga n'kugwedeza mutu. Kenako anaitembenuza n'kusisita kunsi kwake, kumene a Fulaye anakhomako lata lathyathyathya ngati thireyi.

"Iwe NaBanda, mimba yake ili kuti?"

"Mimba yanji, amalume?"

"Agogo ankati chitsulo chawo chinali chokhota ngati phale. Mvula ikawapeza m'njira ankabisala pansi pake. Kapitawo anawauza kuti chimenecho n'cha kumimba, chokhala m'madzi. Nanga pano chili pati?"

Pachithunzi chija sitimayo inali panyanja. Ine ndi a Fulaye, anthu oti sitinakwerepo ngakhale bwato, tinakopera mpaka pamene panayambira madzi, n'kuyesa kuti sitima imathera pomwepo. Zonse zinalipo, kupatula chidutswa chimodzi chokhacho chimene amalume ankafuna kugwira. Ndinamva chisoni, misozi inalengeza.

Nditawafotokozera, amalume anaseka mpaka kutsokomola.

"Anthu akumapiri ife! Bakha ali padziwe tingalumbire kuti alibe miyendo," anatero akupukuta maso. "Usalire, mwana iwe. Wandithandiza. Zaka zonsezi ndinkadabwa kuti bwanji aliyense wonena za sitimayi amangotchula mzinga ndi chumuni. Kani mbali ya agogo inali pansi pa madzi, yosaoneka."

Anandiuza kuti ndiinyamule m'mwamba pang'ono. Anapinda zikhatho zawo ziwiri n'kuzilumikiza kunsi kwa sitimayo, zala zikukumana pakati ngati nthiti.

"Siya tsopano."

Ndinasiya. Sitimayo inakhazikika bwinobwino m'manja mwawo, ndipo kwa nthawi yoyamba inaoneka ngati chinthu choti n'kuyandama.

"Inali chonchi," anatero. "Agogo ankationetsa chonchi."

Ndinatulutsa foni n'kujambula. Akazi awo anabwera ndi thobwa, ndipo tinamwa mosathamanga, sitima ili pamiyendo pa amalume, chala chawo chikuyendayenda pachumuni.

M'mawa mwake ndinapempha kuti ndibwerere nayo ku Bowe, a Fulaye akaikhomere mimba. Amalume anakana, ati sitima yafika padoko siichokanso. Mimbayo idzabwere payokha, monga mmene inabwerera kale. Choncho ndinakwera njinga ndi katoni yopanda kanthu, nditaphunzira kuti chithunzi chimathera pamene wojambula analeka kuona. Lolemba ndinapita kwa a Fulaye ndi foni yanga. Anayang'anitsitsa manja a amalume aja, anatenga choko, n'kuyamba kulemba palata.