Achemwali Anakana Kulowa M'piramidi

Zaka zambiri ndinkajambula mapiramidi ndi choko pabolodi ku Bembeke, ana akunjenjemera ndi chisanu cha mu Juni. Ndiye mwana wa achemwali anga, amene amagwira ntchito kunja, atatilembetsa ine ndi amayi akewo pa ulendo wa akhristu wodzera ku Iguputo, ndinayamba kuyenda modzimva. Achemwaliwo ndiwo anandilera mayi atamwalira. Sukulu anaisiyira mu Sitandade 3, n'kumalima nyemba ndi kachewere kuti ine ndiphunzire.

Wotitsogolera anali bambo wolankhula mothamanga, wonyamula kambendera. Ine ndinkawamasulira achemwali, kwinaku ndikuwonjezera zanga kuti gulu lidziwe kuti pano pali mphunzitsi. Titafika pakhomo la piramidi ndinawauza kuti m'menemo munagona mfumu. Achemwali anaima. Anafunsa ngati amenewo ndi manda, ndipo nditavomera anafuna kudziwa kuti watilola ndani, nanga eni maliro ali kuti. Kwathu munthu salowa kumanda popanda chilolezo cha amfumu, ngakhale kuloza ndi chala sitiloza. Apa anthu ankaseka, kudya mabisiketi, ena atakwera pamiyala kujambulitsa. Achemwali anamangitsa chitenje chawo n'kukhala pansi.

Mzere unaima, wotitsogolera akuyang'ana wotchi. Ine mtima wanga ndi wapachala kuyambira kale. Ndinalankhula mokweza, anzathu onse akumva:

"Achemwali, umbuli wanuwu mukanausiya kumudzi. Mukundichititsa manyazi."

Ndinalowa chowerama m'kanjira kothina, thukuta lili kamukamu. Kumapeto kwake kunali chipinda chotentha ndi bokosi lamwala lopanda kanthu, basi. Potuluka ndinawapeza pomwepo padzuwa, atandisungira madzi m'botolo.

Masiku otsalawo, gulu likamapita ku akachisi ndi kumanda a mafumu ena, iwo ankatsala m'basi. Ndinkati ndikapepesa tikafika kwathu. Titafika ndinadzinamiza kuti zaiwalika, poti ankanditumizirabe nyemba zoyamba kucha chaka chilichonse. Zimandiwawa mpaka lero kuti ndinkadya nyembazo osatsegula pakamwa kupepesa.

Anamwalira chaka chatha. Monga mlongo wawo, woyenera kulankhula m'malo mwa banja ndinali ine, ndipo mawu anga ndinali nditalemba kale papepala. M'mawa wa tsiku loika maliro, mwana wawo wamkazi anandiitanira kuseri kwa nyumba, nagwada.

"Malume, amayi anasiya mawu. Anati tisadzakuvutitseni ndi zolankhula, mungadzachite nawo manyazi pagulu."

Analankhula msuweni wina amene sankadziwa n'komwe kuti achemwali analera angati. Ine ndinakhala pabenchi pakati pa madoda, pepala lili m'thumba la jekete.