Kakhoma ka pakhomo pa atelala

Nyumba imene malemu amuna anga anandisiyira ku Temeke ili ndi zipinda zisanu ndi chimodzi. Ziwiri ndimakhalamo ine ndi adzukulu, zinayi ndimachititsa lendi. Anthu akamva zimenezi amati ndine bwana. Bwana wanji wogwira tsache m'chimbudzi chifukwa alendi akukanirana kuti lero akolope ndani?

Mavuto enieni anayamba atakonza msewu wakutsogolo. Anaukweza, n'kuthira phula, tonse tinaomba m'manja. Mvula itabwera mpamene ndinazindikira kuti nyumba yanga yatsala m'dzenje. Madzi onse a mumsewu ankatsetserekera pabwalo panga, n'kukathera kuchipinda chakumapeto, chotsika kuposa zonse.

M'chipindamo munkakhala atelala, bambo wachikulire wa ku Mangochi, amene anakhala pakhomo panga zaka khumi ndi chimodzi. Alendi ena amabwera n'kupita, koma iwo anali ngati mlongo wanga. Ndi iwo okha amene ndinkacheza nawo m'Chichewa, poti ana anga ndikawalankhula amandiyankha m'Chiswahili. Sindinkafuna m'pang'ono pomwe kuti achoke. Ndinkaopa kutsala ndekha m'nyumba yodzaza anthu.

Kuno madzi akakuvuta umaitana mmisiri kuti amange kakhoma pakhomo penipeni, polowa uzichita kudumpha. Mumsewu wathu aliyense anatero, inenso ndinamangitsa mzere umodzi wa njerwa pakhomo pa atelala. Chaka chimenecho tinapulumuka. Chaka chotsatira mnansi wanga anathira zibuma pabwalo pake, madzi ake onse n'kubwera kwanga. Ndinapsa mtima, ndinakasuma kwa mkulu wa dera lathu. Anabwera, anayang'ana uku ndi uku, anamwa tiyi wanga, kenako n'kundiuza kuti madzi alibe mwini. Ndinawonjezera mzere wachiwiri. Chaka chachitatu, wachitatu.

Atelala anali ndi bondo lovuta, ndipo ndinkadziwa. Ndinkawaona akutsamira chitseko, n'kunyamula mwendo wawo ndi manja kuti udutse. Ndikawafunsa ankaseka, amvekere dokotala anawalamula kuchita majowajowa, ndiye ndawathandiza. Ndinasankha kuwakhulupirira chifukwa kutero kunali kosavuta. Makina awo, amene kale ankawatulutsa pakhonde m'mawa uliwonse, anasiya kutuluka. Ankasokera m'kati, mumdima, ndipo azimayi obweretsa nsalu anayamba kupita kwina.

Ndinayesa ndithu. Ndinapempha mlendi wa chipinda chakutsogolo, woyendetsa bodaboda, njinga yamoto yonyamula anthu, kuti asinthane nawo. Anakana, akuti njinga yake imagona m'nyumba, aidumphitsa bwanji? Ndinafunsa mmisiri za masitepe, iye anati kanjirako n'kopanikiza, ena azidutsa pati popita kubafa? Zokweza pansi pa chipinda chonse anati denga likhala pamutu. Aliyense anali ndi chifukwa chomveka, ndipo ine ndinkabwerera kukhitchini manja ali m'khosi.

Lachisanu lina ndinazindikira kuti papita milungu itatu ndisanawaone akupita kumzikiti. Ndinasuzumira. Ndinawapeza atavala mkanjo woyera ndi kachipewa kawo, atakhala pabedi, akuyang'ana kakhomako. Nthawi ya mapemphero inali itadutsa kale. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo chibadwire. Ndinawauza kuti ndikukaitana mmisiri pompo adzagumule.

"Mayi, mukagumula madzi alowa, makina anga awola," anatero mofatsa. "Mukasiya, ine sindituluka. Basi tu, muimbireni mwana wanga wa ku Kawe adzanditenge."

Ndinafuna kukana, koma ndinalibe choti ndiwapatse m'malo mwake. Ndinaimba foniyo ndi manja anga.

Mwanayo anabwera Lamlungu ndi kagalimoto ka katundu. Anatulutsa makina, bedi ndi zikwama ziwiri. Pomaliza iye ndi dalaivala anawanyamula atelala m'khwapa n'kuwadutsitsa pamwamba pa njerwa zanga. Ine ndinaima pakhonde, misozi ikungotsika, osatha ngakhale kutsanzika bwino.

Patapita masiku awiri dalali, wosakira anthu nyumba, anabwera ndi mwamuna wina wamiyendo yaitali wofuna chipinda. Mwamunayo analowa m'chipindamo osayang'ana n'komwe pansi. Potuluka anagogoda kakhomako ndi nsapato, n'kunena kuti mwini nyumba uyu ndi wanzeru, amaganizira alendi ake. Ndinangomupatsa kiyi.