Buku Lolemera la Amalume

Nkhata ya amalume inali ya masamba a nthochi ouma, yokulungidwa ndi kansanza kofiira, ndipo inkanunkha thukuta losakanikirana ndi fodya. Akabwerako ku ulendo ankaikoloweka pa chikhomo cha pakhonde, ife ana osaikhudza. Amalume anali amtengatenga. Ankasenza katundu wa azungu kuchokera kuno m'tsinde mwa phiri mpaka ku Chiromo, kumene sitima za pamadzi zinkakocheza, n'kubwerako atasenza wina. Paliwombo pawo tsitsi linali litatheratu. Ndiye munthuyu chilichonse ankachiyesa ndi mutu. Muwapatse dzungu, asanathokoze ayambe aliika pamutu, agwedeze khosi pang'ono, kenaka anene ngati ndi dzungu labwino. Nsalu chimodzimodzi, khasu chimodzimodzi. "Chikalemera ndiye kuti muli kanthu," ankatero, ndipo panalibe wowatsutsa poti khosi linali lawo.

Chinali chaka chimene khofi ankafota m'minda ya azungu, tiyi asanafale monga mukumuonera lero. Tinkakhala kufupi ndi mtsinje wa Muloza, ife obwera. Amayi anawoloka mtsinjewo atandibereka kumbuyo, pothawa asilikali a Apwitikizi amene ankagwira anthu m'midzi kuti akagwire ntchito yokakamiza. Bambo anga anali m'gulu la ogwidwawo, sindinawadziwe. Za kumene tinachokera amayi sankanena, ngakhale liwu limodzi. Ndikafunsa, yankho linali loti ndikatunge madzi, mtsuko uli wodzaza. Tochepa timene ndinkadziwa ndinkatola kwa amalume akalawa masese: kuti kunali kaphiri, kunali mkuyu waukulu, ndiponso kuti agogo, amayi awo a amayi, anatsala komweko chifukwa miyendo inali itawakana.

Sukulu yathu inali kachisakasa ka udzu, mipando yake mitengo yogoneka. Aphunzitsi anali mnyamata wamtali, wofatsa, wa malaya amodzi amene ankawachapa Loweruka lililonse. Sukulu yonse inali ndi buku limodzi, kabuku kopyapyala ka Chinyanja, ndipo ankakasunga m'chitini chotsekera poopa chiswe. Ine ndinali ndi zaka mwina khumi, kaya, panalibe amene ankawerenga zaka. Kabukuko ndinakawerenga mpaka kanalowa m'mutu, moti tsiku lina aphunzitsi anandigwira ndikuwerenga bwinobwino buku lili chozondoka. Njala ya zowerenga imene ndinali nayo sindingaifotokoze. Ndinkawerenga ngakhale zilembo za pa chidutswa cha bokosi chimene amalume ankakhalira.

Amayi anaziona zimenezi ndipo anagamula. "Buku lake ndi limodzi, walimaliza. Mvula ikangogwa ukhala pano, khasu lako lilipo." Masiku amenewo ndinkati amayi ndi ouma mtima. Lero ndakalamba, ndalima ndekha, ndipo ndikuti mayi uja sankalakwa kwenikweni. Anali yekha, munda unali waukulu, komanso miyezi ina ankayenera kukagwira thangata kwa mwini malo. Manja a mwana wamkazi wa msinkhu wanga sanali oseweretsa. Koma ine usiku ndi usana mtima unali pa sukulu, ndipo ndinalira mpaka maso kutupa.

Amalume, monga mwini mbumba, akanatha kungolamula. Koma mlongo wawoyo ankamuopa, tisanamizane. Anangoti mabuku alipo ambiri padziko, iwo anawasenzapo, ndipo mabokosi ake amathyola khosi. Amayi anawayang'ana n'kunena kuti, "Bweretsani limodzi ndimve zimene zili m'menemo. Mukakhala kanthu kothandiza pakhomo pano, apitirize." Apa mlandu unali utaima poyera. Ndinali ndi nyengo yozizira imodzi ndi chilimwe chake, basi.

Kupeza buku kunali kovuta kuposa kupeza mchere. Amalume anayamba kwa wamalonda wina wachiyao amene ankagulitsa nsalu ndi mikanda kumtunda kwathu, ine ndikutsatira pambuyo. Bamboyo anatilandira bwino, anasamba m'manja, n'kumasula buku lake m'nsalu yoyera. Zilembo zake zinali zopindikapindika, zoyambira kumanja kupita kumanzere, ndipo sindinazindikire ngakhale chimodzi. Anatiuza mwaulemu kuti limenelo ndi la mapemphero, siligulitsidwa, n'kutipatsa nzimbe yodya panjira. Tinabwerera opanda buku, amalume akudandaula kuti sanalisenzeko n'komwe kuti alimve.

Kenaka anapita ku ulendo wa Chiromo. Anabwera tsiku la chiperoni, kamvula ka waawaa kakuwaza, phiri lonse litabisala m'nkhungu. Pamutu panali chinthu chokulunga m'masamba a nthochi. Nkhani yake anaifotokoza asanakhale n'komwe pansi. Mzungu wina amene khofi wake anafa ankabwerera kwawo, ndipo zimene sakanatha kunyamula anazisiya pakhonde kuti amtengatenga asankhe chimodzi chimodzi. Anzawo anathamangira mabulangeti. Amalume anapita pamulu wa mabuku, n'kumaika limodzi limodzi pamutu, kapitawo akuseka. Topyapyala tonse anatikankhira kumbali. Anasankha limene linawamiza khosi.

Amayi anangofunsa kuti, "Ndiye kuzizira kuno mufunda buku?"

Linali la chikuto chobiriwira, chochindikala ngati chikopa cha ng'ombe, lonunkha chinyezi. Nditalitsegula mtima unagwa. Zilembo zinali zomwe zija ndinkazidziwa, koma mawu ake ayi. Chinali Chingerezi chokhachokha, chimene ine sindinkachidziwa ngakhale moni. Munali zithunzi za masamba a mawangamawanga, mphutsi zikuluzikulu, ndi chimodzi cha phiri lokhala ndi mitengo yondandalika. Ndinayang'ana amalume, milomo ili mbuu ndi kuzizira, akumwetulira ngati munthu wobwera ndi nyama. Ndikanawauza bwanji kuti bulangeti lawo lapita pachabe? Ndipo ndikanawauza, amayi ali pomwepo, sukulu inali itatha tsiku lomwelo.

Mawa lake amayi ankaphika kalongonda. Amene mumamudziwa mukudziwa kuti ameneyu safuna changu: amawira tsiku lonse, kutaya madzi, kuthira ena, apo ayi aledzeretsa nyumba yonse. Ndiye amayi anali pamoto kuyambira m'mawa, ndipo dzuwa litapendeka anandiitana kuti ndibwere nalo bukulo. Anansi awiri atatu anabwera ndi mphasa zawo. Ndinatsegula pa chithunzi cha phiri chija, chala chili pa mzere. Kenaka ndinangomva mawu anga akutuluka: "Kunali mudzi pansi pa kaphiri, ndipo pakati pa mudziwo panali mkuyu waukulu."

Sindinachite kukonzekera, Mulungu ndi mboni. Mudzi wokhawo umene unali m'mutu mwanga unali uja wa nkhani za amalume. Ndinayamba m'Chinyanja monga kusukulu, koma mantha atandigwira lilime linaterereka n'kulowa m'Chilomwe cha pakhomo. Amalume anamenya ntchafu. "Mwamva? Likulankhula ndi Chilomwe chomwe. Ndinanena ine kuti muli kanthu." Anansi anavomereza ndi mitu. Ine ndinapitiriza, chala chikuyenda, kunena kuti mtsinje unkadutsa kuseri kwa mkuyuwo, ndipo amayi ena okalamba ankakhala m'nyumba ya pafupi ndi madzi.

Amayi anasiya kusonkheza moto. Sanandiyang'ane. Anangoti, "Pamenepo buku lalakwitsa. Mtsinje unali kumunsi, ukadutsa munda wa chinangwa."

Ndinayang'anitsitsa pa tsambalo ngati ndikufufuza, n'kunena kuti eya, ndinalumpha mzere, mtsinje unali kumunsi. Amayi anati ndipitirize.

Zinayenda choncho mpaka chiperoni chinatha, kunja kunayamba kutentha, mitengo ya mango n'kuchita maluwa. Masana alionse ntchito ikachepa, amayi ankati, "Katenge lija." Ine ndinkapeka, iwo ankakonza. Ndikati nyumba ya gogoyo inali yaikulu, iwo ankati buku lalakwitsa, inali yaing'ono, chitseko chake cha bango, choyang'ana kotulukira dzuwa. Ndikati gogoyo anali wamtali, ankati ayi, anali wamfupi, wa mphini pamasaya, wokonda kuseka, woumba miphika imene anthu ankaifuna mpaka midzi ya kutali. Tsiku lina buku linanena kuti gogoyo analira pamene ana ake ankachoka. Amayi anati, "Sanalire. Anatipatsa makaka, chinangwa chouma chija, m'kansengwa, n'kutiuza kuti tifulumire kusanache." Tsiku limenelo ndi limene ndinamva dzina la agogo anga koyamba. Amayi analitchula kawiri, pang'onopang'ono, ndipo amalume ananyamuka n'kupita kuseri kwa nyumba.

Ine zonsezi sindinkaziona. Mwana ndi mwana. Chimene ndinkawerengera chinali choti tsiku lina latha ndisanagwidwe.

Wondigwira anali aphunzitsi. Anamva mbiri yoti kwathu kuli buku lolankhula Chilomwe, ndipo masana ena anangotulukira n'kuima kumbuyo kwanga, maso ali pa tsamba. Analonjera amayi n'kumapita. Mawa lake anzanga ataweruka anandiuza kuti nditsale. Anati iwo Chingerezi chawo n'chochepa, koma chikukwana kudziwa kuti buku limenelo likunena za matenda a khofi, kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Ndinagwada n'kuyamba kulira. Anandisiya ndilire, kenaka anandiuza kuti bodza ndi bodza, ndiyenera kukawauza amayi ndekha, iwo sakandinenera. Atatero anandifunsa, akubisa kumwetulira, kuti kodi gogo uja anathera pati, poti dzulo lake iwo anachoka kwathu nkhani ili pakati.

Aphunzitsi aja anachitanso china chimene sindidzaiwala. Analemba kakalata kopita kwa mnzawo wa ku sukulu yaikulu ya mishoni, n'kuwapatsa amalume kuti akapereke akamadutsa. Anawalangizanso, mwaulemu, kasankhidwe ka buku: alitsegule, apemphe wodziwa kuwerenga awawerengere tsamba limodzi, akamva zimene likunena n'kufuna kumva zina, ndiye alitenge. Amalume anabwerako ndi timabuku tiwiri tobwereka, atatipisa m'chiuno. Anadandaula njira yonse kuti munthu wamkulu sangayende mtunda wonsewo ndi katundu wosamveka n'komwe. Koma kabuku kamodzi anali atakamvera kale tsamba, ka nyama za m'mayiko akutali, ndipo anandiumiriza kuti ndiwawerengere za ngamira katatu.

Timeneto tinali mabuku enieni, ndipo ndinatiwerenga ndi mtima wonse, mokweza, popanda kupeka. Ana a anansi ankadzaza pakhonde. Ndinkayembekeza kuti amayi akamva zimenezi, lolemera lija aliiwala, ine n'kupulumuka osaulula. Anamvetsera ndithu za ngamira ndi za nyanja ya mchere, n'kunena kuti n'zabwino, ana azimva. Kenaka anati, "Tsopano katenge lija."

Kuulula ndinkangoti mawa, mawa. Mitambo inayamba kusonkhana pamwamba pa phiri, nyerere zikusamutsa mazira, anthu akusula makasu. Usiku wina mvula inagwa, ndipo m'mawa dothi lonse linkanunkha. Ndinadzuka ndikudziwa kuti tsiku lija lafika. Ndinapeza amayi pakhonde akukhomera khasu langa mumpini. Ndinagwada patsogolo pawo, mawu a kuulula ali pakamwa. Ndinangoti, "Amayi, buku lija..."

Sanandilole kumaliza. Anaika khasu pambali, n'kuloza sileti yanga imene inali pakhoma.

"Buku lija lili ndi zolakwa zambiri," anatero. "Amene analemba sanafikeko kwathu. Pita ukaphunzire kulemba bwinobwino, udzalikonze."

Ndinatola sileti n'kuthamanga m'matope osacheuka, ndikuseka ndekha njira yonse. Mumtima ndinkati ndawapusitsa, amayi anga osadziwa ngakhale chilembo chimodzi akhulupirira mpaka mapeto. Sindinadzifunse kuti munthu amene wakonza buku mzere uliwonse kwa miyezi inayi angalikhulupirire bwanji. Sindinadzifunse chifukwa chimene mayi wosanena za kwawo kwa zaka khumi ankafunira mwana akhale patsogolo pake, maso ali pa tsamba, osati pa nkhope yake. Ndinali ndisanadziwe kuti masana onse aja amene ankawerenga anali amayi, ine ndinkangogwira buku.