Beseni Lofiira

Beseni lija sindinaligwirepo, ndipo mtundu wake sindinauone ndi maso anga. Ndinkaliona pa tivi ya aphunzitsi, yosaonetsa mitundu, imene inkayendera batire la galimoto. Pa tivipo linali lotuwa ngati phulusa. Amalume ndiwo anandiuza kuti ndi lofiira, ndipo mpaka lero ndikapeza beseni lofiira pamsika, mtima umandiwawa.

Chinali chilimwe chimene atate anali ku Lusaka. Anachoka kwathu ku Chinyunyu kukafuna ntchito, koma popeza pakamwa pawo pankathamanga kuposa manja, anagwera m'sewero loseketsa la pa tivi limene aliyense ankaonera. M'seweromo iwo anali bambo wa nyumba yoyandikana, wotulukira nthawi ya chakudya basi. Ankasuzumira pakhomo, kununkhiza, n'kunena kuti, "Nipitako chabe!" Kenako mtsikana wa m'nyumbamo, wosakwatiwa, wokonda kwaya, ankawathamangitsa ndi tsache.

Lamlungu lililonse dzuwa likapendeka tinkadzaza pabwalo la aphunzitsi, ana pansi, akulu pamabenchi a sukulu. Amayi ankasamba, kudzola mafuta, n'kuvala chitenje cha kutchalitchi, ngati kuti atate awaona kudzera m'galasimo. Ine ndinkakhala kutsogolo kwenikweni, ndipo palibe mwana ankandikankha.

Atate anali atatumiza mawu akuti tisavutike kulima chaka chimenecho. Akangomaliza kujambula, mvula isanagwe, abwera kudzatitenga. Amayi anakhulupirira ndi mtima wonse. Anzawo akusosa m'minda, iwo ankachapa zovala zathu ku kasupe wa kwathu wa madzi otentha onunkha ngati mazira owola, n'kumazipinda m'chikwama. Mbewu ya chimanga anagawira anansi. Lero ndimati kunali kupusa, koma ndimanena zimenezi ndili wokhuta, mwamuna wanga ali pakhomo.

Amalume, mlongo wamng'ono wa amayi, anapita limodzi ndi atate, ndipo ntchito yawo inali yokoka mawaya ndi kunyamula nyale kumalo ojambulirako. Anabwerera kumudzi dzuwa litafika poswa mtengo, ataonda, osafuna kunena chimene chawabweza. Kunyumba ankangokhala duu. Koma tivi ikayaka, pakamwa pawo pankatseguka.

Anatiuza kuti nyumba ija inali ndi makoma atatu okha, amatabwa, opanda denga. Ukatsegula chitseko cha kuchipinda unkapeza mawaya ndi munthu atakhala pa ndowa. M'makapu munalibe tiyi. Nkhuku ya patebulo inali yomweyo sabata yonse, ankangoipaka mafuta kuti iwale, moti pofika Lachisanu atate ankainunkhiza atagwira mpweya. Ngakhale khamu la anthu oseka lija kunalibe. Inali tepi, munthu mmodzi ankangodina batani.

"Mvelani uyo mzimayi aseka monga nkhanga," ankatero. "Azasekanso manje manje." Ndipo ankasekadi, chimodzimodzi, ife ana n'kumagubuduka m'fumbi.

Za beseni ndinafunsa ndine. Ndinali nditaona kuti mtsikana uja wasiya kuthamanga. Masabata amenewo ankangoima, beseni lodzaza zochapa lili pamimba, kapena ankalankhula ali kuseri kwa mpando. Lamlungu limenelo anapunthwa pang'ono, ndipo atate, m'malo mothawa tsache monga mwa masiku onse, anatambasula dzanja n'kumugwira m'chiuno. Tepi inaseka. Ine ndinafunsa amalume chifukwa chake mtsikanayo samaliza kuchapa.

Amalume anati, "Ali na mimba. Manje mu sewero ni wosakwatiwa, ndiye bamubisa na beseni."

Akulu anaseka, aphunzitsi n'kukumbutsa kuti pali ana. Amayi sanaseke. Maso ali pa tivi, anafunsa motsitsa mawu, ngati akufunsa mtengo wa tomato: "Nanga akazimitsa makina, iwe, beseni amamulandira ndani?"

Amalume anayang'ana pansi, akukanda dothi ndi chala cha kuphazi. "Ni ba mulamu, ba sisi."

Mlamu wawo anali mmodzi yekha, atate anga. Pa tivi mzimayi wa nkhanga uja anasekanso. Ine ndinanyada. Ndinati atate ndi achifundo, amathandiza anthu kunyamula katundu, ndipo ndinatembenuka kuti ndione ngati anzanga amva.

Kwa zaka zambiri ndinadana nawo amalume chifukwa chonena zimenezi pagulu. Tsopano ndikuganiza kuti m'nyumba analephera kuwauza amayi. Ankaona chikwama chopindidwa chija tsiku ndi tsiku, osadziwa poyambira. Nkhani za makoma atatu ndi nkhuku yowola ankazinena pofunafuna polowera. Komabe sindinawakhululukire kwenikweni, chifukwa anachedwa, ndipo kuchedwa kwawo tinakudya ndife.

M'mawa mwake amayi anatenga khasu. Nthaka inali itauma gwa, khasu likamenya linkalira ngati lagunda mwala. Anayenda khomo ndi khomo kupempha mbewu kwa anthu omwe anawagawira aja, ena n'kuwapatsa kambale, ena n'kuwalonjera ndi mawu a atate, "Nipitako chabe," akuganiza kuti ndi nthabwala. Zovala zinatuluka m'chikwama chimodzichimodzi. Ku tivi sanapitenso.

Mvula inagwa, atate osaoneka. Sanabwere chaka chimenecho, ngakhale china chilichonse. Tinadzala kachigawo kochepa ka munda, ndipo njala ya chaka chotsatira ndimaikumbukira ndi fungo la mango aawisi owiritsa. Koma ine ndinkapitabe kumsewu waukulu kukayang'ana aliyense wotsika basi yochokera ku Lusaka, ndipo Lamlungu ndinkakhalabe kutsogolo kwa tivi, ngakhale anzanga anali atayamba kundikankha.

Lamlungu lina chimanga chitafika m'mawondo, mtsikana uja anatulukira wopanda beseni, wowonda ngati kale, akuthamangitsa atate kuzungulira tebulo. Ndinasangalala kwambiri. Sindinadikire kuti sewero lithe. Ndinathamanga m'matope mpaka kumunda, kumene amayi ankapalira okhaokha ngakhale linali tsiku la Mulungu.

"Amayi, beseni lija ataya! Ayambanso kuthamanga!"

Anaweramuka pang'onopang'ono, dzanja lili pamsana. Anandiyang'ana nthawi yaitali, thukuta likutsikira m'khosi.

"Ndiye kuti wabadwa," anatero. "Uli na m'bale wako manje."

Ndinayang'ana pamimba pawo, panalibe chilichonse. Ndinawazungulira kuti ndione kumsana, kunalibe mwana. Ndinafunsa kuti ali kuti, koma iwo anali ataweramanso, khasu likulowa m'dothi. Ndinaima pakati pa mizere ndili kakasi, kenako ndinadzitonthoza kuti palibe kanthu, atate akabwera kudzatitenga ndidzawafunsa.